Ine Kuyendetsa, Mayi a Kunyumba Kudumphitsa

Kwa Bwana Woyeza Manja,
Kampani ya Chimphona Gemu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi nditagwada. Musandimvere chisoni, mawondowa anazolowera ntchito, chifukwa ndi amene amandigwirira kachipangizo kanu ka magemu kam'manja kaja. Ndati "kachipangizo" mwaulemu chabe. Kunyumba kwathu timachitcha chitseko.

Ine ndine telala. Zala zanga n'zazifupi, koma ulusi zimalowetsa pasingano ngakhale nditatsinzina. Sindinkadziwa kuti ndine munthu woperewera mpaka nditagula katundu wanu. Zikomo pondizindikiritsa.

Choyamba, ndithokoze potalikitsa mabatani ngati abale odana. Chala changa chikanyamuka ulendo wopita ku batani lodumphira, chimakafika kamunthu ka pagemu katagwera kale m'dzenje. Ndinayesa kudina ndi mphuno, makasitomala n'kuyamba kundifunsa ngati ndalumidwa ndi njuchi.

Chachiwiri, mwalimbitsa banja langa. Mayi a kunyumba nawonso manja awo ndi ngati angawa, ndiye tinagawana ntchito: ine mbali ya kumanzere kuyendetsa, iwo ya kumanja kudumphitsa. Paja mutu umodzi susenza denga. Koma kamunthu kaja kakangogwa, iwo amati ndathamangitsa, ine ndimati achedwa kudumpha, kenako osadziwa kuti zatheka bwanji, nkhani imakafika pa diresi lawo laukwati lomwe ndinalifupikitsa mbali imodzi. Zakalekale zimenezo, Bwana, tinali titaiwala. Mwatikumbutsa ndinu.

Chachitatu, ndipo apa mtima ukundiwawa zenizeni. Woyandikana nafe nyumba ndi wogulitsa nyama, chikhatho chake ngati fosholo. Tsiku lina anabwera kudzasoketsa thalauza. Podikira, anachinyamula chitseko chanucho ndi dzanja limodzi, linalo akudyera nthochi, n'kudumpha dzenje lija ulendo umodzi. Mayi a kunyumba anamuombera m'manja. Ine chikwatiranireni sanandiomberepo, ngakhale tsiku lomwe ndinapha khoswe kukhitchini.

Tsopano thalauza la mkuluyu likung'ambika sabata iliyonse, ndipo monga katswiri wa nsalu ndikukuuzani kuti silikung'ambika lokha. Iye amakhala pampando wanga kumasewera, mayi a kunyumba ali pambali kumuchemerera, ine ndili pakona kusoka chigamba. Dzulo anamupangira tiyi m'kapu yanga.

Choncho ndikupempha modzichepetsa, ngakhale ndine wochepa kale: chichepetseni chipangizochi kuti banja langa lipulumuke. Ngati zimenezo n'zochititsa manyazi kampani yaikulu ngati yanuyi, ndiye chikulitseni ndithu, osachita manyazi, mpaka chimukanike nayenso wogulitsa nyamayu, tonse tizidina ndi mphuno. Pamphuno pokha ndiye ndinamusiya kutali.

Ine wanu wolandira zinthu ndi manja awiri, poti limodzi silikwanira,

Telala Tizala.