Tsiku limene ndinadzaza kalasi ya Adadi

Lachinayi, 15 Malichi 2007

Ndinadzuka ndili ndi nkhawa, koma ndimadzinamiza kuti ndi chimwemwe. Pano ndikulemba Adadi ali duu pabalaza, TV yozimitsa, tiyi wawo wazizira osamukhudza. Ndiyambe poyambira.

Adadi amaphunzitsa masamu a zamalonda pa yunivesite ina ya boma kutsidya kwa mtsinje. Ntchito yawo ndi ya kontrakiti: chaka chikatha amawapatsa ina, chikathanso ina. Ndiye akuti kunabwera lamulo loti munthu akakwanitsa zaka zinayi akuyenda motero, azimulemba ntchito yokhazikika. Ine nditamva ndinavina. Amami ndiwo anandikhazika pansi.

"Ukuvina chiyani? Akapanda kuwafuna, angowasiya zakazo zisanakwane. Pepala lathu lokhalira m'dziko la eni lino lathera pomwepo."

Kutanthauza kuti mayeso amene ndakhala ndikuwerengera chaka chonse ndikhoza osawalemba n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo ndikamaona ndege ikudutsa pamwamba pa Thamesmead, dera limene timakhala, ndimaganiza kuti ndiyo idzatibweze kwathu.

Komiti yogamula nkhaniyi imatumiza munthu kudzaonerera mmene mphunzitsi akuphunzitsira. Wa Adadi anali wa lero, naini koloko m'mawa. Sabata yatha ndinawamva akudandaulira Amami kukhitchini kuti kalasi ya naini ophunzira amabwera ochepa, ambiri amakhala asanadzuke, moti chipinda chachikulucho chimaoneka ngati maliro a mlendo. "Wa komitiyo adzangoti sindikoka ophunzira," anatero.

Apa m'pamene nzeru zinandibwerera (bola ndikanangotsuka mbale zanga n'kukhala chete). Kutchalitchi kwathu ku Tottenham, munthu akamalalikira koyamba, gulu la amayi silimusiya yekha. Amadzaza mabenchi akutsogolo kuti asaone mipando yopanda anthu. Ndinati nanga Adadi alakwanji?

Lamlungu titaweruka ndinakagwada pamaso pa Anti aNambewe, mtsogoleri wa gululo, amene ndi namwino wa usiku, n'kuwafotokozera zonse.

"Mwana wanga, ndiye umavutika nazo wekha zimenezi? Naini koloko? Shifiti timaweruka eyiti. Tifika ndi mayunifomu omwe."

"Koma Anti, mudzangokhala chete. Kungodzaza mipando basi."

"Iwe, sukulu ife tinaphunzira usanabadwe."

Lero m'mawa ndinatsanzika ngati ndikupita kusukulu, n'kukwera basi ina. Ndimayembekezera amayi anayi kapena asanu. Pageti ndinapeza khamu. Anti Mwale a ku Zambia anali atatenganso anzawo onse a kunyumba yosamalira okalamba, ena sindinawaonepo chibadwire. Ndinapemphera kuti mlonda awabweze. Iye ataona mayunifomu a chipatala anaganiza kuti ndi ophunzira za unamwino, mpaka anawagwirira chitseko.

Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, jekete nditatseka mpaka m'khosi kubisa baji ya sukulu. Pakona panakhala mayi wa komiti uja, mzungu wa imvi, magalasi ali pamphuno. Adadi atalowa anaima njii. Anatuluka, anayang'ana nambala ya pachitseko, analowanso. Maso awo atandipeza, ine ndinayamba kuyang'ana nsapato zanga ngati zachilendo.

"Mwadzuka bwanji, abambo?" gulu lonse linatero pamodzi. Ophunzira enieni aja, amene anali apo ndi apo, anacheuka.

Poyamba zinkayenda. Adadi anafotokoza m'Chingerezi kuti mtengo wa katundu ukakwera, ogula amachepa.

"Zoona!" anatero Anti aNambewe.

"Ameni," anavomera ena kumbali.

Adadi anapukuta thukuta n'kupitiriza. Kenako anafunsa ngati pali funso. Dzanja limene linakwera linali la Anti Mwale.

"Badokotala, bwezani pang'ono apo pansi, mwatisiya. Imwe mukamba fasiti maningi!"

Adadi anabwereza pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mnyamata wina wachizungu, amene amangoseweretsa foni, akuyamba kulemba. Mtima unakhala pansi. Ndinati mwina zitheka.

Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi: anthuwa anali asanagone chiyambire dzulo, ndipo m'chipindamo hita imafunda bwino. Mitu ya mzere wachiwiri inayamba kugwa umodziumodzi. Posakhalitsa kunamveka mkonono, wa munthu wotopa zenizeni, umene umaima kaye ngati watha kenako n'kuyambiranso. Cholembera cha mayi wa komiti chimathamanga. Ndinayesa kuponyera wogonayo chivindikiro cha cholembera changa (chinamenya wina amene anali maso).

Kenako Adadi anamaliza samu yaitali yodzaza bolodi lonse, n'kudula mzere pansi pa yankho. Nthungululu inalira. Ogona aja anadzidzimuka n'kuyamba kuwomba m'manja osadziwa chimene akuwombera. Mphunzitsi wa chipinda choyandikana anasuzumira pachitseko kudzaona ngati kwabuka moto.

Ndimati zathera pomwepo. Ayi. Nthawi itakwana, Anti aNambewe anaimirira, kukonza sikafu, n'kutembenukira kwa mayi wa komiti ndi Chingerezi chawo cha kuwodi.

"Mayi, ife tabwera kuno tisanagone. Bambo awa ndi munthu wabwino, samwa mowa, ali ndi banja. Mwana wawo amene anatiitana ndi uyo ali apoyo. Taimirira, mwana wanga, akuone! Alembeni ntchito bambowa."

Ndinaimirira. Ndikanatani, munthu wamkulu atandiuza?

Mayi uja anafunsa Adadi motsitsa mawu kuti ophunzira olembetsa ndi ati. Adadi anawaloza, ndipo sizinatenge nthawi. Mayiyo anati kalasi ya lero sangaigwiritse ntchito chifukwa munali anthu osaloledwa, abweranso Lachinayi likubwerali, komanso ayenera kuuza komiti zimene zachitika. Milomo yake imanjenjemera. Mpaka pano sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena mkwiyo.

Madzulo ano Adadi atafika anandiitana.

"Anakutuma ndani?"

"Palibe, Adadi. Ndinakumvani mukunena kuti mipando imakhala yopanda anthu."

"Ndinanena za mipando. Sindinanene kuti ndikufuna msonkhano wa chitsitsimutso. Pano akomiti akuganiza kuti ndinachita kuitana anthu odzandichemerera. Zimenezo ndi zokwanira kuchotsera munthu ntchito, ukudziwa?"

Ndinayamba kulira. Amami anatembenukira ku sinki, mapewa akugwedezeka, ndipo sindikukhulupirira kuti nawonso amalira.

Tili pomwepo foni inalira. Amami anangoti "Ee... ee, Anti... ayi zikomo kwambiri," n'kuibweza.

"Ndi aNambewe. Akuti popeza mzungu uja sanakhutire, Lachinayi abwera ndi kwaya. Anti Mwale akuti mudzayambire pomwe munasiyira."

Adadi anatembenukira kwa ine. Kenako anandiloza.

"Anawaitana ndiwe. Ukawaletsenso ndiwe."

Chibadwire sindinauzepo munthu wamkulu kuti asabwere. Ndayeserera pagalasi la kubafa, koma mawu akumathera pa "Anti, mwina..." Ndaphunzira kuti zimene ndamva kukhitchini ndizizisiya kukhitchini komweko, kungoti phunzirolo siliimitsa kwaya.

Mawa ndikaweruka kusukulu ndikwera basi, kenako sitima ya pansi mpaka Tottenham, ndikawapeze asanapite ku shifiti. Ndikawapempha kuti Lachinayi naini koloko adzatipempherere ali m'mabulangete mwawo. Akakana, ndidzaima ndekha pageti n'kuwauza kuti kalasi yasamukira kunyumba ina.