Ndinatenga Agogo a Eni pa Wenela

Pa depoti ya Wenela pali anthu ena amene mpaka lero akandiona amakodolana n'kumandiloza. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala ine ndikanalozanso.

Zinayamba ntchito itandithera ku Makata, kumene ndinkagwira m'nyumba yosungiramo katundu. Nditakhala pakhomo ku Machinjiri miyezi ingapo, mayi a kunyumba atazolowera kundituma tomato ndi makala ngati mwana, ndinaganiza kuti ngati kutumidwa ndikukutha chonchi, bwanji ndizitumidwa ndi mabwana. Bizinesi inabadwa choncho: kutumikira anthu otanganidwa. Kukawaimira pamzere, kukawagulira ndiwo kumsika wa Limbe, kukatenga mankhwala, kukasiya keke kuphwando. Alamu anga anandibwereka kagalimoto kawo kofiira, kamene zitseko zake za kumbuyo zimatsekukira kunja kokha, ndipo ine ndinakamatitsa sitika yaikulu yolembedwa kuti NDITUMENI, pansi pake nambala yanga ya foni yoti munthu aiwerenge ali kutsidya kwa msewu. (Sitika imeneyi ndinaikonda. Ndinaijambula n'kutumizira abale onse mpaka a ku Joni.)

Kasitomala wanga wodalirika anali mayi Felesiya, nesi wokhala ku Chilomoni, kwawo ku Nsanje, Mkatolika wosaphonya misa. Tsiku lina m'mawa anandiimbira kuti apongozi awo aamuna, a Zuze, akubwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala. Iwowo anali pa shifiti, amuna awo anali ku ntchito kosachokeka. Anandipempha ndikawatenge pa Wenela, ndikawasiye kunyumba, ndiwapatse tiyi, kiyi ndikatenge kwa aneba. Anati ndi mkulu wamtali, woonda, amavala chipewa ndi jekete, amayenda ndi ndodo, samva bwinobwino, foni alibe, ndipo Chichewa chawo chimathawira ku Chisena.

Ndinayankha kuti asadandaule, kwa ine zimenezo n'zazing'ono. Chithunzi sindinapemphe. Ndinaona ngati kupempha chithunzi n'kudzichotsa ulemu.

Nditafika pa Wenela sindinavutike n'komwe. Pafupi ndi mayi wina wogulitsa mazira owiritsa panakhala mkulu wamtali, woonda, wa chipewa, wa jekete, ndodo ili pamiyendo, kathumba kali pambali. Ndinagwada pang'ono n'kufunsa mokweza ngati iwo ndi agogo amene akudikira kutengedwa. Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, anati eya. Ndinawauza kuti ana awo andituma. Anati eya. Ndinatchula dzina la mayi Felesiya, minibasi ina ikuliza hutala pambali pathu, ndipo anatinso eya. (Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti mkulu ameneyu ngakhale ukanamufunsa ngati ndi mkazi wako akanati eya.)

Ndinanyamula kathumba kaja, kamene kankanunkhira usipa, ndinawakweza kumbuyo, ulendo wa ku Chilomoni. M'njira ankalankhula zambiri, mawu ena ndikumva, ena osamva. Ine ndinangoti Chisena ndiye chimenechi. Ndakulira mu Blantyre muno, Asena ndi Ayao ndasewera nawo mpira, koma tsiku limenelo makutu anga anali pa holide.

Kunyumba kwa mayi Felesiya ndinawalandira ngati bwanamkubwa. Ndinawavula nsapato n'kuwapatsa masilipasi a eni nyumba. Ndinawaphikira tiyi wamkaka, buledi wopaka majarini. Mufiriji munali masoseji, ndinawaonetsa, koma anawayang'anitsitsa n'kukana ndi dzanja. Ndinati mwina mano. Atamwa tiyi anati, “Sikomo kwejinji.” Mawu amenewo anandikanda pang'ono mumtima, chifukwa mayi Felesiya ndikawagwirira ntchito bwino amati takhuta. Koma ndinadziuza kuti Nsanje ndi yaikulu.

Ndinatumiza uthenga kwa mayi Felesiya kuti apongozi afika bwino, amwa tiyi, akupuma. Sanauone, anali ndi odwala.

Kenako agogo anapempha madzi. Ndinawapatsa m'kapu, anakana, anafuna m'beseni. Anatuluka nawo panja n'kusamba m'manja, kumaso, m'mikono mpaka kumapazi. Atalowa anayang'ana uku ndi uku, anasuzumira pawindo kuona dzuwa, anatulutsa kansalu m'thumba la jekete n'kukayala pansi. Anavula chipewa chija. Kunsi kwake kunali mzuli woyera.

Ndinaima pakhomo la kukhitchini ndi thireyi m'manja, ndikuona mkuluyo akuswali pabalaza la mayi Felesiya, pakhoma pali chithunzi cha Amayi Maria ndi korona wolendewera. Ndinayesa kudzinamiza kuti mwina a Zuze anasintha mpingo osauza ana awo.

Foni inalira. Anali mayi Felesiya. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene akudziletsa pamaso pa odwala. Anati amuna awo angolandira foni kuchokera kwa a Zuze, abwereka foni ya kondakitala, akuti akadali pa Wenela ndipo palibe wabwera. Kenako anafunsa:

“Ndiye amene akupuma m'nyumba mwangamo ndi ndani?”

Ndinati ndikufufuza.

Ndisanaike foni m'thumba inaliranso, nambala yachilendo. Anali mwamuna, ndipo sanapereke moni. Anati dzina lake ndi Yusufu, telala wa ku Ndirande. Bambo ake, Che Amidu, anabwera kuchokera ku Mangochi kudzakhala nawo pa ukwati wa mdzukulu wawo, iye anachedwa pang'ono kukawatenga, ndipo atafika mayi wa mazira anamuuza kuti atengedwa ndi munthu wa galimoto yofiira yolembedwa NDITUMENI. Nambala anaiwerenga mnyamata wogulitsa mayunitsi. (Mwaona ubwino wa sitika yooneka bwino.)

“Bambo anga ali kuti, ndipo wakutuma ndani?”

Ndinayamba kufotokoza za mayi Felesiya, za chipewa, za ndodo, koma ngakhale kwa ine mwini zinkamveka ngati bodza lophika mothamanga. Yusufu anandidula. Anati ali pa Wenela pomwepo ndi abale ake, ndibwere nawo bambowo tsopano lino, ndipo akapezeka ndi kachilonda ngakhale ka udzudzu, tidzaonana.

Foni yachitatu inali ya alamu anga. Ankafuna kudziwa chifukwa chimene galimoto yawo ikuyendera m'magulu a pa WhatsApp ndi mawu akuti chenjerani ndi anthu awa, akuba okalamba. Anati uthengawo wafika mpaka pagulu la kwaya ya kutchalitchi kwawo. Anandikumbutsa, mwaulemu wake, kuti anthu a m'tauni muno akakwiya sayamba ndi mafunso, ndipo galimoto imayaka msanga.

Nthawi yonseyi Che Amidu anali akuswalibe. Munthu akupemphera sungamukoke dzanja. Ndinaima pambali, foni ikunjenjemera m'thumba mosalekeza, anthu osawadziwa akunditumizira mawu amene sindingawalembe pano. Wina anangolemba kuti tikukudziwa. Atamaliza, agogo anapinda kansalu kawo mosafulumira, anakhala pasofa n'kufunsa ngati tiyi watsala.

Ndinawagwadira n'kukuwa m'khutu mwawo kuti Yusufu akuwafuna. Nkhope yawo inawala. Anati eya, Yusufu, ndipo anafunsa kuti nyumba yabwino chonchi mwana wawo wamanga liti.

Msewu wochokera ku Chilomoni kupita m'tauni sunanditalikirepo ngati tsiku limenelo. Pamalo ena ndinaima n'kuyesa kumatula sitika ija ndi zikhadabo, koma amene anaimata anaigwira ntchito yake mokhulupirika. Ndinangochotsa chilembo chimodzi. Wa kabaza aliyense woyang'ana galimoto ndinkamuona ngati wawerenga uthenga uja. Ndinaganiza zokhotera kupolisi kuti ndikadzipereke ndekha, koma ndinakumbukira kuti a Zuze akadali padzuwa ndi maso awo odwala, ndipo Yusufu akamva kuti ndapita kwina aganiza kuti ndathawa. Kumbuyo Che Amidu ankaonera nyumba zosanja n'kumayamikira.

Nditangokhotera pa Wenela wina anakuwa kuti ndi imeneyo. Sindinapeze n'komwe poimika bwino. Anthu anazungulira galimoto: oitanira minibasi, mavenda, amayi a zitenje zofanana amene ndikuganiza anali a ku ukwati kuja, ndi amuna angapo a mikanjo. Wina anamenya bonati ndi chikhatho. Wina analowetsa dzanja pawindo n'kuzula kiyi. Che Amidu ataona mwana wawo anayesa kutsekula chitseko, chitseko osatsekuka, anayamba kugogoda galasi ndi ndodo.

“Wawatsekera! Onani, wawatsekera m'kati!” anakuwa mayi wa mazira uja.

Ndinafuna kunena kuti chitsekocho n'chakufa kuyambira kale, koma sanandipatse mpata. Wina anali atandigwira kale kolala, ndipo ndinaona mnyamata wina akuyang'anayang'ana pansi ngati akufuna mwala.

Yusufu, mwamuna wamfupi wa tepi yoyezera ikadali m'khosi, anatsekula chitseko ndi kunja. Anawagwira bambo ake m'mapewa, anawayang'ana kumaso, m'manja, mpaka kumapazi, kumene kunali masilipasi a amuna a mayi Felesiya. Che Amidu anatsika pang'onopang'ono, anawongola jekete, kenako anayamba kumukalipira mwana wawo m'Chiyao, ndodo ikuloza m'mwamba. Sindinamve zonse, koma amayi a zitenje aja anayamba kubisa nkhope. Mmodzi anamasulira anthu kuti agogo akuti iwo anakhala padzuwa ngati chimanga choyanika mwana wawo osaoneka, ndipo mwana wa eniyu ndi amene wawapatsa tiyi wamkaka ndi malo oswalira. Akufunsanso kuti anthu onsewa asonkhana chifukwa chiyani, kodi ukwati wasamukira pa depoti.

Dzanja lija linasiya kolala yanga. Ena anayamba kuseka, ena anachoka ali okhumudwa ndithu kuti nkhani yathera m'malere. Yusufu sanaseke. Anandibwezera kiyi n'kunena kuti Mulungu wandikonda lero, ndipo ndikafuna kutenga kholo la munthu ndizifunsa dzina. Ndinavomera ndi mutu ngati mwana wa sukulu.

A Zuze ndinawapeza mosavuta, chifukwa anali atakhala pabenchi chapafupi pomwepo, akuonera zonse kuyambira pachiyambi. Analidi wamtali, woonda, wa chipewa, wa jekete ndi ndodo. Ndinawagwadira n'kukuwa kuti mayi Felesiya andituma. Anayang'ana ine, anayang'ana galimoto, anakumbatira chikwama chawo.

“Ine nkhabe. Galimoto yakuba anthu ine sindikwera.”

Ndinawaimbira mayi Felesiya kuti alankhule nawo. Analankhulana nthawi yaitali m'Chisena, ndipo a Zuze anangobwereza kuti iwo aona ndi maso awo, ngakhale ndi odwala. Mapeto ake amuna a mayi Felesiya anachita kupempha kuntchito n'kubwera okha kudzawatenga. Anangoyang'ana galimoto, n'kuyang'ana ine.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma madzulo Yusufu anaimbanso. Nsapato za bambo ake ndi kathumba ka usipa wa ku ukwati zinatsala ku Chilomoni. Ndinayenera kupita ku Ndirande kukatenga masilipasi, n'kukagogoda kwa mayi Felesiya. Anatsekula okha, akadali mu yunifolomu. Nyumba yonse inali kununkha usipa. Anandipatsa kathumba ndi nsapato, analandira masilipasi ndi zala ziwiri, ndipo anati akandifuna adzandiimbira. Sanandifunebe mpaka lero. Alamu anga nawo anatenga galimoto yawo mawa lake, ndipo panopa maulendo anga ndimayendera minibasi ndi kabaza.

Bizinesi sinafe, ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo phunziro ndinalitenga. Masiku ano ndikatumidwa kukatenga munthu ndimafuna chithunzi, dzina, mudzi, mfumu, ndipo ndikamupeza ndimamufunsa kuti atchule yekha amene wandituma. Mwezi wathawu ndinakatenga agogo ena aakazi ku Limbe, ochokera ku Mulanje, oyenera ndithu, chithunzi chikugwirizana. Ndinawafunsa dzina, anayankha. Ndinafunsa la mwana wawo, anayankha. Nditafunsa la mfumu ya kwawo ndi mpingo umene amapemphera, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, ananyamula katundu wawo n'kukauza mlonda wa pa depoti kuti pali bambo wina akuwafunsa mafunso okayikitsa.