Bolojointi ndi Chifuwa cha Apongozi

Lolemba

Tchuthi chayamba. Ntchito ya sabata ino ndi imodzi: kagalimoto kachire Loweruka lisanafike. Mng'ono wa mkazi wanga akukwatiwa ku Nkhata Bay, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndalonjeza kuti apongozi, a Chirwa, akatsika pakhomo la tchalitchi m'galimoto ya mkamwini wawo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili pabanja ndi mwana wawo, koma mpaka lero amanditchula "kalaliki wa ku Dedza uja". Zimandiwawa. Loweruka asintha nyimbo.

Matenda: tayala lakutsogolo kumanzere likuti gugugu pa dzenje lililonse la m'Chibanja muno. Ndi bolojointi, kachitsulo ka mutu wozungulira kolumikiza tayala ndi mkono wa pansi. Yatsopano ndili nayo kale. Kuchotsa yakale, kuika iyi, basi. Ntchito ya m'mawa umodzi!

Zida:
jeke
njerwa zisanu ndi zitatu
sipanala
nyundo imodzi
ovolosi yobwereka

Apongozi afika masana kudzagula za ukwati, agona kuno mpaka Loweruka. Suti, tayi, chipewa. Atulutsa mpando pakhonde, akhala moyang'ana galimoto.

Lachiwiri

Tayala latuluka. Kapini kotsekera nati katuluka. Nati yatuluka. Ndikuimba likhweru.

Bolojointi yakana! Bawuti yake yakhazikika m'bowo la mkono ngati inabadwira momwemo. Ndikuimenya pansonga. Kamodzi, kawiri, makumi awiri. Ndikangomenya, apongozi akutsokomola pakhonde. Kuzizira kwa Mzuzu sikukuwayanja. Ndauza mayi a Tamanda awaphikire tiyi wa mandimu.

Kamvula kowaza tsiku lonse. Msana wanyowa.

Lachitatu

Zomwe ndathira: palafini, madzi owira, mafuta ophikira (mayi a Tamanda sakudziwa). Zomwe zasintha: palibe.

A Mhango a nyumba yoyandikana nafe asuzumira pampanda: "Monire a neba! Chiotcheni chomene, chitsulo chikuopa moto." Ndapala makala pambaula, ndawaika pafosholo, ndalowetsa pansi pa mkono. Mphira yapsa, girisi wanunkha mpaka kumsewu, nsidze yanga yakumanja yapita. Bolojointi ili phee.

Chifuwa cha apongozi chakula. Pa makala paja anachita kuimirira.

Mayi a Tamanda akuti, "Bwanji osawafunsa adada?" Ine? Kwathu mkamwini sakhala n'komwe mphasa imodzi ndi apongozi, ndiye ndikawaitanire pansi pa galimoto? Komanso munthu wogona ndi tayi angadziwe chiyani za girisi?

Lachinayi

Nzeru ina ya a Mhango: paipi yaitali ya madzi. Tailowetsa pakati pa zitsulo, taimirirapo tonse awiri, tikudumpha ngati ana. China chake chagonja! Ndasuzumira ndi chimwemwe. Ndi mkono umene wapindika. Bolojointi ili pomwe inali.

Chabwino. Ndibwezeretse zonse, tipite ndi gugugu wathu. Nati nayo yakana kulowa: nsonga ya bawuti ndaiphwanya ndi nyundo, yatambasuka ngati bowa.

Kuchotsa sindingathe. Kubwezeretsa sindingathe. Ukwati ndi mkuja.

A Mhango: "Mangani na waya, nati lekeni, mukafika makora waka." Akuti tikafika bwinobwino. Waya ndadula kale pa chingwe choyanikira zovala. Chakudya sichikutsika.

Lachisanu

Ndili chagada pansi pa galimoto, waya m'manja. M'mutu mukungobwera msewu wa ku Nkhata Bay: makona aja, chitsetse chija, phompho kumbali, Tamanda pampando wa kumbuyo atavala diresi yake yatsopano. Ndikuchita mantha, ndivomere.

Ndatuluka. Ndasamba m'manja. Ndanjuta kutali ndi khonde, maso pansi: "Bambo, zandikanika."

Apongozi aimirira. Avula jekete, alipinda bwinobwino pampando. Tayi alilowetsa m'malaya. Aitanitsa nyundo ya a Mhango. Imodzi aitsamiritsa mbali ino ya bowo la mkono, inayo amenya mbali inayo. Kawiri kokha. Phwa! Bolojointi ili pansi.

Masiku anayi anga, iwo kawiri!

"Zaka khumi ndi zisanu ndinali m'galaja ya mgodi ku Joni, bambo a Tamanda. Simumenya bawuti, mumenya nyumba yake. Koma pakhomo panu pano, ndikanayamba bwanji kugwira zitsulo zanu musanandiitane? Ndatsokomola mpaka pakhosi pauma."

Atola bolojointi ija, angoigwedeza pang'ono, mutu wake wazuka n'kugwera m'matope. Inatsala pang'ono kuthothoka yokha. Ayang'ana waya uja, ayang'ana ine. Ndakhala pa tayala.

Yatsopano singalowe, mkono ndinaupinda dzulo. Mawa tikwera basi. Mtima wanga uli m'malo koyamba sabata ino.

Mayi a Tamanda akuti za galaja anandiuza tili pachibwenzi. Mwina. Nthawi imeneyo sindinkamvetsera za apongozi.

Loweruka

Kudepoti anyamata akuona makadi a chipani. Langa lili ndi chidindo cha chala cha girisi, koma ladutsa.

Basi yadzaza: ife, matumba a ufa, mbuzi ya munthu wina. Pa kona iliyonse ndikusuzumira kuphompho n'kuthokoza Mulungu. Ndawerenga makona mpaka ndasokonezeka. Waya uja sakanafika pa yachitatu.

Ukwati wayenda bwino. Pamadyerero apongozi andiitana pakati pa abale awo. Ndati lero ndatha. Andigwira paphewa: "Uyu ndi mkamwini wanga. Chitsulo chimene chinapangidwa kuti chisapindike, iye wachipinda ndi miyendo." Anthu aseka mpaka misozi, ena akuloza nsidze. Ndaseka nawo. Za kalaliki wa ku Dedza sizinatchulidwe.

Potsazika andipatsa kaphukusi kolemera kokulunga m'nyuzipepala. Akuti ndikatsegule kunyumba.

Lamulungu

Tabwerako. Galimoto ikadali pa njerwa. Nkhuku ya a Mhango yaikira dzira m'tayala. Mkono wina akuti n'kufunsa ku Blantyre, mwina mwezi wa mawa, mwina Khirisimasi. Zovala tikuyanika pampanda. Mawa kuntchito ndi wapansi, ndi nsidze imodzi.

M'kaphukusi muli nyundo yakale, mpini wake wosalala ndi thukuta la ku Joni. Pakapepala alemba kuti tayala lakumanja nalonso analimva likugogoda ulendo wina uja, ndisalikhudze mpaka atabwera.

Nyundo ndili nazo ziwiri tsopano. Galimoto ndiye ndilibe. Tonse tili moyo, ndipo pampando wa pakhonde ndakhalapo ine.