Tsiku Limene Ng'ombe Zinandiyendetsa

Mpaka lero ndikamadutsa pa mphambano yopita kwa asewere anga a Ngozo, anthu amandikuwa kuti, "Madala, muli maso?" Ine ndimangoweramitsa mutu, poti mlandu wake ndimaudziwa.

Ndinagwa pa chigafa cha fodya n'kuthyoka nthiti. Kuchipatala anandipatsa timapiritsi topha ululu totchedwa tramado, ndipo namwino anachita kundiloza chala. "Papa, makumpirimidu awa ndi aukali, amagonetsa. Mukamwa musayendetse kanthu, mwamva?" Ndinavomera, mumtima ndikuti akunena a njinga zamoto. (Ngolo zimayendetsa ndi ng'ombe, ine ndimangokhalapo.)

Ululu unathadi, koma panabwera zina. Mphuno kuyabwa, m'kamwa gwa, kuchimbudzi kumangopitako kukacheza. Chokoma chinali chakuti dziko lonse linafewa. Ngakhale kukalipa kwa mayi akunyumba kunkamveka ngati kwaya ikuyimbira patali.

M'mawa wina ndinamwa kapiritsi kamodzi, n'kuumirira kuti ndikatule ndekha mbatata ya kachewere kumsika wa ku Ntengo-Wambalame. Ng'ombe zanga zapangolo, Kapitao ndi Mawanga, ndi za malowolo a mwana wanga Luzia. Zinachokera m'khola la a Ngozo, bambo ake a mpongozi wanga Armando. Kwathu kuno ng'ombe za malowolo zikabwerera kumene zinachokera, ndiye kuti ukwati watha. Pamenepo musaiwale.

Nkhungu inali isanachoke m'mapiri. Ngolo ikuti gwede gwede, ine ndikuona ngati tikuyandama. Maluwa a mbatata m'minda ankandigwedezera mitu, inenso n'kumawayankha. Ndinamva mayi anga, amene anatisiya kalekale, akundiitana ndi dzina laubwana, ndipo sindinadabwe n'komwe. Chingwe chinapulumuka m'manja. Pa mphambano paja ng'ombe zinadzisankhira njira.

Potsegula maso, tinali pakhomo pa khola la a Ngozo. Kapitao analira, anzake m'kholamo anayankha. Chisoni chinandigwira, misozi mbwe. Nyama kupukwa kwawo chonchi? Ndinatsika, kuzimasula pagoli, kutsegula khola n'kuzilowetsa. Kenako ndinakhala pa mwala, ndikumwetulira, ndikukanda mphuno.

A Ngozo anafika chipewa chili m'manja. "Asewere, kwagwanji? Popanda ankhoswe, popanda mawu?"

"Zakondwa," ndinatero. "Taonani m'mene zakondwera."

Anthu anayamba kudzaza. Luzia anatuluka mwana ali kumbuyo, dzanja pakamwa. Armando anabwera chothamanga n'kugwada m'ndowe momwemo.

"Apongozi, deskulupa, ndikhululukireni! Kachasu ndasiya lero lomwe. Adubu, feteleza uja wa chimanga cha Luzia amene ndinagulitsa, ndibweza. Zogona kumowa zatha. Chonde musandilande mkazi!"

Apa nkhungu ya m'mutu mwanga inayamba kuyera. Kachasu? Kugona kumowa? Zonsezi ine sindinkazidziwa. Ndinayang'ana mwana wanga. Anali ataonda, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinkamuona Lamulungu lililonse kutchalitchi osazindikira kanthu.

"Ababa, anakuuzani ndani?" ananong'ona Luzia.

Ndikanayankha kuti chiyani? Kuti Kapitao?

Ndinaulula za mapiritsi aja. A Ngozo anaseka mpaka kutsokomola, koma mawu a Armando mudzi wonse unali utamva, sakanawamezanso. Armandoyo anamanga yekha ng'ombe pagoli n'kundiperekeza kwathu, ine ndili gone pamwamba pa matumba. Kachewere sanauone msika tsiku limenelo. Mapiritsi otsala mayi akunyumba anakabweza kuchipatala ine ndili pambuyo pawo, ndipo namwino, atandisambitsa chokweza, anandisinthira ena osagonetsa.

Luzia wabwerera m'thupi tsopano. Ine ndinaphunzira kuti namwino akati musayendetse kanthu, ngolonso ndi kanthu. Komabe ndikamva mphekesera zoti Armando wayambanso kusuzumira kumowa, ndimamanga ng'ombe zanga, n'kudutsa pa mphambano paja pang'onopang'ono, nditatsinzina dala.