Kamwala ka ku Mwezi m'Botolo la Jamu

Lolemba
Shifiti ya m'mawa ku Wigston, kuno kudziko la azungu, kwa a Harold, agogo achizungu amene ndimawasamalira. Ndikuwaveka masokosi, iwo akundipatsa kabotolo ka jamu. M'katimo muli kamwala kotuwa, kukula ngati nzama. "N'kochokera ku mwezi. Usauze munthu." Paunyamata wawo ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo za ndege, ndiye n'zotheka ndithu.

Pa basi yobwerera ku Braunstone ndagugula pa foni. Zinthu za ku mwezi amagulitsa pa okushoni, mitengo yake yochititsa chizungulire. Zochita:
- kupeza a okushoni
- malata a nyumba ya amayi ku Dedza
- osawauza amuna anga, bambo a Chisomo

Lachiwiri
Ndawauza bambo a Chisomo. Akuti ku mwezi sikunapiteko munthu. "Mbendera ingakupize bwanji kopanda mphepo? Inali filimu ija." Amenewa ndi anthu oti kalata ya khansolo amandipatsa ine kuti ndiwawerengere, koma za ku mwezi akuzidziwa zonse.

Lachitatu
A okushoni ayankha imelo. Akufuna chithunzi, mbiri ya mwalawo, ndi kalata yosonyeza kuti ndinaupeza bwanji. Apa m'pamene ndakumbukira. Lamulo la kuntchito: osalandira mphatso kwa odwala. Ntchito ikatha, viza nayo yatha. Nanga a Harold, amene masiku ena amanditchula dzina la malemu mkazi wawo, angandiikire umboni?

Malata ndawafufuta pa mndandanda.

Lachinayi
Kwabwera a Tembo, a ku Zambia, mnzawo wa amuna anga a Banda. Iwo akuti anthu anafikako: "Imwe a Banda, mufuna kukamba kuti dziko lonse linanamizidwa, kupatulako imwe?" Mkangano wa maola awiri, tiyi mpaka kuzizira. Pofuna kuthetsa nkhani, bambo a Chisomo atsegula botolo, anunkhiza kamwala, akanyambita. "Mwala wamba uwu. Komanso ukuwawira mchere."



Lachisanu
A manijala aimba foni ndili pamalo okwerera basi. Mwana wamkazi wa a Harold wadandaula kuti m'nyumba mwasowa kabotolo. Ndaulula zonse, ndalira, ndanena kuti ndikabweza mawa, ndiponso kuti okushoni sindinapiteko.

Iwo: "Okushoni ya chiyani?"

Loweruka
Ndakabweza. Mwana wawo uja waseka mpaka kukhala pa masitepe. Kamwalako anakachotsa mu impso ya a Harold kuchipatala, zaka zapitazo. A Harold amakasunga, ndipo aliyense amamuuza zake. Wa positi anamuuza kuti ndi dzino la ng'ona.

A manijala akuti nkhani yatha, bola ndilembe lipoti ndi kubwerezanso kosi ya malamulo a mphatso.

Bambo a Chisomo atsuka mano katatu. A Tembo aimba foni kawiri kufunsa ngati mchere uja ukumvekabe.

Lamulungu
Kutchalitchi ndaimba mokweza kuposa a kwaya. Ntchito ilipo, viza ilipo, amayi ku Dedza sakudziwa kanthu. Bambo a Chisomo akukanabe za ku mwezi, koma motsitsa mawu. Ndasita yunifolomu. Kaya anafikako kaya sanafikeko, ine mawa ndikwera basi ya seveni.