Chipepeso kwa Kapibara

Kale ndinkakhulupirira kuti ku Mangalande chilichonse chimanenepa, ngakhale mbewa. Musaseke msanga, zinandinyowetsa mpaka m'khosi zimenezi.

Tinabwera ku Birmingham chifukwa mayi a kunyumba anapeza ntchito ya unesi. Iwo tsiku lonse kuchipatala, ine kunyumba ku Kings Heath kuyang'anizana ndi khoma. Aneba ukawapatsa moni amayang'ana wotchi. Ndiye ndinayamba kupita kumalo osungirako nyama, komwe ndinapeza mbewa yaikulu ngati nkhumba ili phee m'mbali mwa dziwe.

"Achimwene," ndinatero, "matchipisi akukuyanjani!"

Mtsikana wosamalira nyama anaseka. Akuti ameneyu ndi kapibara wa ku South America, ndipo kukulako n'kwa mtundu. Mano ake sasiya kukula, komanso m'mawa amadya ndowe zake zomwe (mnzako sumufunsa za kadzutsa). Ndinati basi, mlendo mnzanga. Ndinkamuuza za kwathu tsiku ndi tsiku, iye osayang'ana wotchi.

Tsiku lina mtsikana uja anandiuza kuti nyamazi zimakhala m'magulu, ana kumayamwa kwa mayi aliyense, koma uyu mkazi wake anamwalira, n'chifukwa chake sakudya bwino.

Namfedwa kumusiya yekha? M'mawa mwake ndinavala jekete, n'kutenga chimanga cha chipepeso. Kupepesa maliro sufuulira pampanda, ndiye ndinakwera (mawondo anakana, ine ndinaumirira). Ndinakhala pansi mwaulemu.

"Pepani, achimwene."

Namfedwa anauwa ngati galu, n'kudziponya m'dziwe, phava! Ndinadikira. Zii. Ndinati chisoni chamupha munthu, wadzimiza. Ndinalumphira momwemo ndi jekete lomwe.

Madzi akuno ndi mpeni, abale. Pondivuula azungu awiri, namfedwa anali tsidya lina, mphuno yokha pamwamba. Kani mapazi ake ndi a bakha, ndipo kukhalitsa pansi pa madzi ndi masewera.

Abwana a pamalopo anati ndisadzapondenso. Ndinapempha kuti ndizingoima pampanda, manja kumbuyo. Anakana. Ndinakwera basi ndikudontha, mpando wa pambali panga wopanda munthu.

Madzulo mayi anamvetsera zonse akuyanika jekete pa hita. Ndinkadikira kuti aseke, koma ayi.

"Abambo, mbewayo ili ndi mwayi, inapeza woipepesa. Mukanamira inuyo, kuno akanabwera ndani kudzakhala nane pa siwa?"