Tsiku Limene Ndinapulumutsa Apongozi

Loweruka lapitali mayi akunyumba anandituma kukatenga amayi awo kudepoti ya ku Old Town, akuchokera kumudzi ku Mitundu. Ine ndinati lero apongozi adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu, galimoto ndinaitsuka mpaka matayala. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi, zokhudzana ndiye musayerekeze n'komwe. Anakhala kumbuyo chakumanzere, chigubu cha thobwa chili pamiyendo, ine kutsogolo ndauma khosi ndi ulemu.

Tikulowera ku Area 15, minibasi inatulukira m'kamsewu osaima, n'kudzagunda chitseko chomwe apongozi anatsamira. Phuu! Chinsalu choyera chinafufuma kuchokera kudenga n'kutchinga zenera lonse, m'galimoto fumbi lili tolo ngati utsi.

Ine nzeru zonse zinathawa, ndinangoti wayaka moto. Mkazi wanga ndikanakamuuza chiyani, kuti amayi ako ndawaotcha? Ndinatsomphola chigubu chija n'kuwakhuthulira thobwa lonse kumutu. Osakhutira, ndinathamangira kuchitseko chinacho, kuwagwira miyendo, ine mkamwini, n'kuwakokera pamsewu ngati thumba la chimanga, mpango uko, nsapato uko, akabaza ndi mavenda atazungulira.

"Bambo, asiyeni mayiwo," anatero mayi wina wogulitsa nthochi. "Moto uli kuti apa?"

Panalibedi moto, linali fumbi la chinsalu chija basi. Kenako ndinakayang'ana chitseko chogundidwacho. Kunja chinali chitafwanyika ngati chitini chopondedwa, koma m'kati mwake munali chitsulo chopingasa chimene chinangopindika, osalola minibasi kulowa. Chinsalu chofufumacho ndi chimene chinalandira mutu wawo m'malo mwa galasi. Pakanapanda ziwirizi bwenzi pano tili pamaliro ku Mitundu. Amene anaganiza zoteteza m'mbali mwa galimoto chonchi sindikumudziwa, koma Mulungu amudalitse, wapulumutsa anthu ambiri ameneyo.

Kuchipatala adokotala anawapima paliponse, mutu, nthiti, chiuno, zonse zili bwinobwino. Anangopeza bondo limodzi losupuka.

"Apa ndiye pomwe minibasi inakugundani, mayi?"

Apongozi anayang'ana kukhoma mwaulemu, thobwa likuuma m'tsitsi.

"Ayi adokotala, minibasi sinandikhudze. Ili ndi bala la akamwini angawa, pondipulumutsa."

Anzanga, zikadzachitikanso ndidzangoti phee, manja pachiwongolero, galimoto imalize yokha ntchito yake.